Phunziro la Mwezi Uno: Kusankha Oyilo wa Galimoto Yakale

Alimi anzanga a ku Thambani ndi madera ozungulira, nyengo yokolola ikafika galimoto imasanduka chida cha ulimi monga khasu ndi sikelo. Manachesi athu a kuno ku Mwanza sadikira munthu. Akapsa ayenera kufika pa boma, pa Zalewa kapena ku Blantyre asanayambe kufota. Nandolo ndi chimanga nazonso zimafuna kunyamulidwa msika usanatseke. Tsono magalimoto amene amagwira ntchito imeneyi kuno kwathu ambiri ndi okalamba: ma Land Rover, ma Land Cruiser, ma Hilux, ma Pajero ndi ma Isuzu, ena mwa iwo aakulu kuposa anyamata amene akuwayendetsa. Galimoto yotere ikafa injini pakati pa nyengo, mwini wake amataya kawiri, ndalama zokonzetsera ndiponso mbewu zimene zawolera pa msewu. Mainjini ambiri amene amafa motere amaphedwa ndi oyilo: wolakwika, wachinyengo, wokhalitsa, kapena wochepa.

Inu matenanti ndi ena amene mulibe galimoto musafulumire kutembenuza tsamba. Katundu amene ali pa galimoto ya kalabu kapena ya hayala ndi wanu. Kawirikawiri ndinu amene mumatumidwa pa boma kukagula oyilo, ndipo zimene tikambe pano zikukhudzanso injini ya chigayo, thirakitala ya pa esiteti ndi pampu yothirira.

Ntchito ya oyilo

M'kati mwa injini muli zitsulo zimene zimathamanga zitayandikana kwambiri. Oyilo amalowa pakati pa zitsulozi kuti zisakhudzane. Amachotsanso kutentha pa mapisitoni ndi pa mabering'i, amanyamula mwaye ndi tizidutswa ta zitsulo kupita nato ku filita, ndiponso amatseka kampata ka pakati pa maring'i ndi khoma la silinda kuti mphamvu isathawe. Kuti achite zonsezi, opanga amathiramo mankhwala otsuka, oletsa dzimbiri ndi oteteza zitsulo kuti zisadyeke. Mankhwalawa amatha pang'onopang'ono. Nchifukwa chake oyilo wokhalitsa, ngakhale akuoneka woterera pa zala, amakhala atasiya kale ntchito yake.

Manambala a pa botolo

Tengani botolo la oyilo muliyang'ane. Muona zilembo zoti SAE ndi manambala monga 15W-40 kapena 20W-50. SAE ndi bungwe la akatswiri a zamagalimoto la ku America, Society of Automotive Engineers, limene linakhazikitsa muyeso umenewu. Manambalawa sanena za ubwino wa oyilo ayi, amanena za kulemera kwake. Taganizirani za uchi. M'mawa wa mwezi wa Juni uchi umachita kukakamira m'botolo, koma mukauika padzuwa la Okutobala umayenda ngati madzi. Oyilo naye amatero.

Nambala yoyamba, yokhala ndi W, imasonyeza m'mene oyilo amayendera injini ikadali yozizira. W ameneyu akuimira nyengo yachisanu ya ku maiko a azungu. Nambalayi ikakhala yaing'ono, oyilo amafika msanga pa zitsulo mukangoliza injini. Oyilo wa 15W amayesedwa pa kuzizira kwa madigiri 20 pansi pa ziro, wa 20W pa madigiri 15 pansi pa ziro. Kuno ku Thambani, ngakhale Julaye atazizira bwanji, sitifikako kumeneko. Motero nambala yoyambayi isakusowetseni tulo kwambiri ngati galimoto yanu ndi ya mtundu wakale.

Nambala yachiwiri ndiyo ya ife. Imayesedwa pa madigiri 100, ndipo imasonyeza kulimba kwa oyilo injini itatentha, monga imachitira pokwera phiri ndi matumba pamsana. Oyilo wa 50 amakhala wolemera kuposa wa 40, wa 40 kuposa wa 30.

Palinso oyilo wa nambala imodzi yokha, monga SAE 40. Ameneyu ndiye ankagwiritsidwa ntchito kwambiri kale, ndipo akadali wothandiza pa mainjini ena a zigayo amene amalira tsiku lonse atatentha. Pa galimoto imene mumailiza ndi kuizimitsa kangapo patsiku, wa manambala awiri ndiye wabwino, chifukwa injini imadyeka kwambiri pa nthawi yoiliza ikadali yozizira, oyilo asanakwere.

Zilembo za API

Ambiri pogula amangotchula manambala basi: "Ndipatseni fote." Koma pa botolo pali chinanso chofunika chimodzimodzi, ndicho zilembo za API, bungwe la American Petroleum Institute. Zilembozi ndizo zimanena za mankhwala amene ali m'katimo ndi mtundu wa injini imene oyiloyo anapangidwira.

Zoyamba ndi S ndi za injini ya petulo. Zoyamba ndi C ndi za injini ya dizilo. Chilembo chachiwiri chikamapita kutsogolo ndiye kuti muyesowo ndi watsopano. Ku petulo, SL inatuluka mu 2001, SM mu 2004, SN mu 2010, SP mu 2020. Ku dizilo, CH-4 inatuluka mu 1998, CI-4 mu 2002, CJ-4 mu 2006, CK-4 mu 2016. Ngati buku la galimoto yanu likutchula miyeso yakale monga CD kapena SF, musavutike kuifunafuna. Inachotsedwa kale ndipo yatsopanoyi inalowa m'malo mwake.

Chenjerani ndi mabotolo otsika mtengo olembedwa SA kapena SB. Bungwe la API lenilenilo limanena kuti SA sayenera injini zopangidwa chitadutsa chaka cha 1930, ndipo SB sayenera zopangidwa chitadutsa 1951. Galimoto yanu ndi yakale, inde, koma siinafike pamenepo. Botolo limene silinalembedwe zilembo za API nkomwe, libwezeni pa shelefu.

Kusiyana kwa S ndi C si nkhambakamwa. Injini ya dizilo imatulutsa mwaye wambiri ndi asidi, ndipo oyilo wake amakhala ndi mankhwala ochuluka ogwira mwayewo kuti usaundane. Mukathira oyilo wa petulo yekha mu injini ya dizilo, amalema msanga, amasanduka phala lakuda ndi kutseka tinjira ta oyilo. Mabotolo ambiri a 15W-40 amalembedwa zonse ziwiri, monga CI-4/SL. Oyilo wotere amagwira ntchito ku dizilo ndi ku petulo yakale komwe.

Nanga galimoto yanu ikufuna uti?

Woyamba kumufunsa ndi buku la galimotoyo. Ndikudziwa kuti mabuku ambiri anatayika eni ake oyamba akadali moyo, ndipo ena analembedwa m'Chijapani. Ngati buku palibe, yang'anani kapepala komata pansi pa boneti kapena pa chotsekera cha oyilo. Ngati palibenso, werengani nambala ya injini, chifukwa magalimoto ambiri akale anasinthidwa injini, ndipo oyilo amatsata injini, osati dzina lolembedwa pa chitseko.

Tiyambe ndi madizilo, poti ndiwo ochuluka pa ntchito yonyamula mbewu. Land Cruiser ya mtundu wa 70 inayamba kupangidwa mu 1984, ndipo kuyambira 1990 zambiri zili ndi injini ya 1HZ, ya masilinda 6 ndi malita 4.2. Hilux yakale imakhala ndi injini ya 2L, 3L kapena 5L. Pajero ili ndi 4D56 kapena 4M40. Land Rover ya m'zaka za m'ma 1990 ili ndi 200Tdi kapena 300Tdi. Mainjini onsewa, pa kutentha kwa kuno kwathu, amakhala bwino ndi 15W-40 wa CH-4 kapena CI-4. Ine ndikafunsidwa ndi mwini dizilo yakale amene alibe buku, yankho langa limakhala limeneli. Oyiloyu amapezeka pa malo omwetsera mafuta ambiri, mtengo wake ndi wofikirika, ndipo yemweyo angathe kulowa mu thirakitala ndi m'mainjini ambiri a zigayo. Kalabu yokhala ndi makina angapo ingachite bwino kugula chigubu chimodzi cha malita 20 chomata bwino, m'malo mogula timabotolo tosiyanasiyana. Kumbukirani kuti 1HZ imamwa pafupifupi malita 9 kapena 10 posintha, motero chigubu cha malita 5 chimodzi sichikwana.

Land Rover Series III, imene inapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985 ndi injini ya malita 2.25, ndi nkhalamba ya mtundu wina. Mipata ya pakati pa zitsulo zake ndi yaikulupo, ndipo ya petulo imakonda 20W-50. Palinso chifukwa china. Injini za nthawi imeneyo zimadalira mankhwala a zinki ndi fosifolasi amene amateteza camshaft ndi matapeti. Mu oyilo wopepuka wa magalimoto atsopano a petulo, monga 5W-30 wa SM kapena SN, mankhwalawa anachepetsedwa dala chifukwa amaononga chida chosefa utsi cha ku ekizozi. Series III ilibe chida chimenecho, koma zinkiyo imamufuna. Choncho oyilo wodula wa galimoto yatsopano si mphatso kwa nkhalamba imeneyi. Ipatseni 20W-50, kapena 15W-40 uja wolembedwa C ndi S pamodzi.

Tsono pali gulu lachitatu limene ambiri amalakwitsa nalo. Awa ndi magalimoto a petulo ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan, monga RAV4, CR-V ndi Escudo. Pa msinkhu ndi akale ndithu, koma injini zake ndi za kapangidwe katsopano. Tinjira take ta oyilo ndi tating'ono, ndipo zambiri zili ndi chida chimene chimagwiritsa ntchito oyilo yemweyo posintha nthawi yotsegukira mavavu. Pa Toyota chimalembedwa VVT-i. Mukathiramo 20W-50 poganiza kuti kuno kumatentha, oyiloyo amachedwa kukwera m'mawa, chidacho chimayamba kuvuta, ndipo petulo amatha msanga. Izi zimafuna 5W-30, 10W-30 kapena 10W-40, malinga ndi buku lake. Chimodzimodzinso madizilo atsopano okhala ndi sefa ya mwaye ku ekizozi, imene amakaniko amati DPF: amenewo ali ndi oyilo wawowawo wa phulusa lochepa, ndipo musawathire wa Hilux yakale.

Inu a njinga zamoto, oyilo wa galimoto ya petulo angathe kuchititsa kilachi yanu kuterereka, poti pa njinga zambiri kilachi imasamba mu oyilo yemweyo wa injini. Funani botolo lolembedwa JASO MA.

Injini yotopa

Pali chikhulupiriro pakati pa madalaivala chakuti injini ikayamba kufuka utsi, mankhwala ake ndi oyilo wolemera kwambiri. Muli choona pang'ono m'menemo. Injini imene maring'i ndi mabering'i ake adyeka ikachoka pa 15W-40 kupita pa 20W-50, utsi ungachepe ndipo nyali ya oyilo ingasiye kuphethira injini ikamalira pang'onopang'ono. Kukwera sitepe imodzi yotere nkololedwa kuti mumalize nyengo. Koma oyilo sabwezeretsa chitsulo chimene chadyeka. Ena amafika pothira oyilo wa giya wa 90 mu injini. Musayerekeze. Mankhwala ake ndi ena, alibe zotsukira za injini, ndipo injiniyo mudzaiika m'manda ndi manja anu.

Phunzirani kuwerenga utsi. Wobiriwira ngati mtambo ndiye oyilo akupsa. Wakuda ndi dizilo wochuluka kapena mpweya wochepa. Yang'anani filita ya mpweya ndi mainjekita, oyilo alibe mlandu. Woyera umene sukutha injini itatentha kawirikawiri ndi madzi amene akulowa m'masilinda. Ndalama za manachesi zikalowa, injini yofuka utsi wobiriwira ipite kwa makaniko mvula isanagwe.

Ena amafunsa za oyilo wa synthetic. Ndi wabwino, amapirira kutentha, ndipo pa injini ya turbo amathandiza. Koma pa dizilo yakale yoyenda m'fumbi, imene oyilo wake ayenera kutayidwa msanga kaamba ka mwaye, ndalama yoonjezerayo ndi bwino igule filita. Pa injini imene masilu ake ndi ouma kale, oyilo wotere nthawi zina amaonetsa poyera malo odontha amene anali atatsekedwa ndi litsiro. Za kusakaniza: ngati muli pa ulendo ndipo oyilo wachepa, thiranimo oyilo wa injini aliyense wabwino amene mwapeza, ngakhale wa kampani ina. Kuyenda ndi wosakaniza kuli bwino kuposa kuyenda ndi wochepa. Mukafika kunyumba konzekerani kusintha.

Oyilo wachinyengo

Apa ndiye pagona ngozi yaikulu. M'mbali mwa misewu ndi m'misika mumapezeka oyilo wogulitsidwa m'mabotolo a zakumwa, woyezedwa ndi kapu. Wina amakhala weniweni wochoka m'chigubu chachikulu, koma simungadziwe kuti ndi wa nambala yanji. Wina ndi oyilo wakale wotayidwa ku magaraja, amene wasefedwa pa nsalu ndi kuikidwa m'botolo lochapa bwino. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kusiyana kwa mtengo kungaoneke kwakukulu pa tsiku logula, koma yerekezani ndi mtengo wa crankshaft ndi mabering'i, kuphatikizapo masabata amene galimoto idzakhale pa miyala.

Gulani pa malo omwetsera mafuta kapena m'sitolo yodziwika, ndipo landirani lisiti. Onani kuti mphete ya pa chotsekera siinaduke, kuti pepala silinamatidwe mokhota, ndi kuti nambala ya gulu ndi tsiku lopangira zikuwerengeka. Oyilo watsopano amakhala woyera ngati uchi wosungunuka, sanunkha chopserera, ndipo pansi pa botolo sipakhala zinyalala. Mukatuma munthu, mulembereni pa pepala manambala ndi zilembo zomwe, osangoti "ukagule oyilo". Pa garaja, botolo litsegulidwe inu mukuona. Mukamaliza, boolani botolo lopanda kanthulo kuti lisakagwirenso ntchito yonamiza mnzanu.

Kusintha pa nthawi yake

Oyilo wabwino wokhalitsa amaononga mofanana ndi woipa. Madizilo akale ambiri amafuna kusintha pa makilomita 5,000 alionse, ndipo kwa ife oyenda m'misewu ya fumbi ndi katundu wolemera, musapyole pamenepo. Filita ya oyilo isinthidwe nthawi yomweyo. Kuthira oyilo watsopano pa filita yakale kuli ngati kusamba nkuvalanso malaya a ku munda.

Magalimoto ambiri kuno wotchi ya makilomita inafa kale. Werengani maulendo. Kuchokera pa boma la Mwanza kukafika ku Blantyre ndi pafupifupi makilomita 100, kupita ndi kubwera 200. Mukaonjeza mtunda wochokera ku Thambani ndi kuzungulira m'minda, maulendo 20 a ku Blantyre akakwana, nthawi yafika. Galimoto imene imangokhala miyezi ya dzinja nayonso isinthidwe oyilo isanayambe ntchito yokolola, ngakhale siinayende, chifukwa chinyezi chimalowa m'katimo. Sungani kabuku m'galimoto ndipo lembanimo tsiku, mtundu wa oyilo ndi maulendo. Pa galimoto ya kalabu, mlembi ndiye asunge kabukuko, kuti ndalama ya oyilo ichotsedwe pa ulendo uliwonse isanagawidwe.

Posintha, lizani injini itenthe pang'ono, imikani galimoto pamalo osapendekeka, ndipo lolani oyilo wakale atsike yense. Pakani oyilo pang'ono pa labala ya filita yatsopano ndi kuimanga ndi dzanja, osati ndi sipanala. Mukathira, lizani injini pang'ono, izimitseni, dikirani mphindi zingapo, kenaka yezani. Oyilo akhale pakati pa zizindikiro ziwiri za pa kandodo koyezera, kufupi ndi cha pamwamba. Pa mainjini ambiri, pakati pa zizindikirozi pamalowa pafupifupi lita imodzi. Musapyoze poganiza kuti wambiri ndiye wabwino. Wochuluka amachita thovu ndi kuphulitsa masilu.

M'nyengo yonyamula mbewu solani kandodoko m'mawa uliwonse. Oyilo wa dizilo amada patangopita masiku ochepa. Zimenezo zisakuopseni, ndiye kuti akugwira mwaye. Choopsa ndi oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka, kusonyeza kuti mwalowa madzi, kapena oyilo amene akukwera yekha pa kandodo ndi kununkha dizilo, kusonyeza kuti pampu kapena mainjekita akudontha. Ziwirizi zikaoneka, galimoto isanyamuke. Nyali yofiira ya oyilo ikayaka muli pa ulendo, imani pomwepo ndi kuzimitsa injini, ngakhale msika uli pafupi. Inu okhala ndi turbo, mukatha kukwera chitunda lolani injini ilire pang'onopang'ono mphindi imodzi kapena ziwiri musanazimitse, kuti oyilo asapserere m'kati mwa turbo.

Fumbi ndilo mdani wamkulu wa oyilo kuno, ndipo limalowera ku filita ya mpweya. Ya pepala muigwedeze pang'onopang'ono, musaichape ndi madzi kapena kuiboola. Ikang'ambika, gulani ina. Series III ili ndi filita ya mpweya ya mtundu wa beseni la oyilo. Tsukani besenilo kawirikawiri m'chilimwe ndi kuthiramo oyilo wa injini watsopano kufika pa mzere wake.

Giyabokosi ndi madifu

Galimoto yokoka ndi mawilo onse anayi ili ndi malo enanso a oyilo amene amaiwalika: giyabokosi, bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, ndi madifu awiri. Madifu ambiri amafuna oyilo wa giya wa 80W-90 kapena 90 wolembedwa GL-5. Magiyabokosi ambiri akale amafuna GL-4, poti mankhwala a mu GL-5 wina amadya mphete za mkuwa za m'katimo. Giyabokosi ya LT77 ya pa Land Rover zina imafuna oyilo wofiira wopepuka wa ATF, ndipo mukaithira 90 magiya amakana kulowa m'mawa. Apa funsani makaniko wodziwa mtundu wa galimoto yanu. Safunsa anadya phula. Mukawoloka mtsinje wodzaza m'dzinja, masulani kabawuti ka pa difu muone. Ngati oyilo wasanduka woyera, sinthani sabata lomwelo.

Oyilo wotha ntchito

Oyilo wakuda amene mwakhetsa ndi poizoni. Musamutaye m'dimba, m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime. Musapake nkhumba, agalu kapena ng'ombe pofuna kupha nkhupakupa ndi mphere monga ena amachitira. Pitani kwa alangizi a ziweto. Musapakenso nkhokwe kapena matabwa oyanikirapo mbewu, chifukwa chimanga ndi nandolo zimatenga fungolo ndipo pa sikelo zidzakanidwa. Sambani m'manja ndi sopo mukatha kusintha. Zigubu za oyilo zisasungire madzi akumwa, thobwa kapena mafuta ophikira, ngakhale mutazitsuka kangati. Oyilo wakaleyo musungeni m'chigubu chotseka, kutali ndi ana, ndipo pa ulendo wotsatira wa ku boma kapena ku Blantyre funsani ku garaja kapena pa malo omwetsera mafuta ngati amalandira.